Ndani Ananola Lumo la Abambo

Mchimwene wanga Minko apolisi anamutenga Lolemba m'mawa atavala masilipasi, osamupatsa ngakhale mpata wotenga mankhwala ake a shuga. Pofika Lachitatu misozi inali itandithera, ndipo uthenga unabwera wakuti 4 koloko madzulo khoti ligamula zomutumiza kundende ya mumzinda waukulu kukadikira mlandu wakupha. Munthu wa zaka 68, wodwala shuga ndi mtima womwe, chisanu chili pakhomo. Ndinadziwa kuti akangopita kumeneko ndidzakatenga mtembo.

Zonsezi chifukwa cha lumo. M'tauni yathu muli kagulu ka amuna okalamba amene anapenga ndi malumo akale, aja opinda ometera ndevu. Amawatola m'misika ya zinthu zakale atadyedwa ndi dzimbiri, n'kumawapala, kuwanola, kuwaikira zogwirira za nyanga, kenako Loweruka lililonse amakasonyezana kuseri kwa nyumba yometera ya Gencho ngati akusonyezana zidzukulu. Amuna anga a Lyuben ali m'gulumo. Minko ali momwemo. Bai Parvan, amene anapezeka atafa, ndiwo anali mkulu wawo. Kwathu kuno "Bai" ndi mawu aulemu oitanira mwamuna wamkulu.

Lumo loyambitsa nkhaniyi linali la malemu abambo athu, ndipo linatsalira Minko. Iye analipereka kwa Bai Parvan kuti alipangire chogwirira chatsopano, koma mkuluyo atamaliza ntchito anakana kulibweza. Akuti Minko analiiwala m'dirowa mpaka linayamba madontho a dzimbiri, ndiye sayenera kukhala nalo. Loweruka, anthu onse akumva, Minko anamenya tebulo n'kunena kuti, "Ndidzalitenga, Bai Parvan, ngakhale ndichite kudumpha mtembo wanu!" Pakamwa pa Minko ndi pomwepo kuyambira ali mwana, chonsecho nkhuku yomwe satha kuipha. Lolemba kutacha Bai Parvan anapezeka pansi m'kanyumba kawo kogwiriramo ntchito, mutu utasweka pa ngodya ya mbaula yachitsulo, lumo lili pa tebulo.

Lachitatu limenelo ndinaika banitsa, chitumbuwa chathu cha tchizi, patebulo, a Lyuben osaikhudza.

"Idyani, inu. Wafa ndinu kodi?"

"Sindikumva njala."

"Ndiye ndiperekezeni kupolisi."

"Ukakatani kumeneko, Zdravka? Alibe umboni anthu aja. Amutulutsa okha."

Ndinapsa mtima, koma ndinameza mawu. Ndinati munthu wataya mnzake wa zaka makumi anayi, ndimusiye. Ndinamanga mpango kumutu n'kutuluka ndekha.

*

Wapolisi wofufuza mlanduwo, Tihomir, ndinamudziwa akadali wa mamina. Ndinamupeza akutafuna nthanga za mpendadzuwa, makoko akulavulira m'kapu.

"Mayi Zdravka, ine ndilibe nawo chifukwa achimwene anu. Koma tamvani. Lamulungu anali kumowa akusewera makadi mpaka hafu pasiti thu masana. Anthu asanu ndi mmodzi akuvomereza zimenezo. Atachoka apo akuti anakagona pansi pa mtengo kumtsinje. Anawaona ndani? Achule."

"Ndiye kuti kugona kumtsinje ndi mlandu?"

"Dikirani. Neba wa malemu anamva mwala wonolera ukulira m'kanyumba muja mpaka 3 koloko. Wakufa sanola lumo, mayi. Ndiye kuti mpaka 3 koloko Bai Parvan anali moyo, ndipo pambuyo pa 3 koloko achimwene anu sakudziwika kumene anali."

"Nanga ngati anaphera munthu lumo, analisiyiranji pa tebulo?"

"Mantha. Munthu akaona magazi amaiwala chimene anadzera."

"Tihomir, mwana iwe, Minko akaona magazi amakomoka. Wadya chiyani lero? Jakisoni wake mwamubaya?"

"Tamubaya." Analavula khoko n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma. "Mukabwera ndi china chogwirika 4 koloko isanakwane, ndikumverani. Misozi yokha khoti sililandira."

Wotchiyo imati 9 koloko. Ndinatsika masitepe, koma sindinabwerere kunyumba.

*

Neba uja ndi Mayi Nedyalka, mayi woti mphaka akayetsemula nyumba yachitatu amadziwa kuti ndi wa ndani. Ndinawapeza pabwalo akuwotcha tsabola wosungira chisanu, utsi uli tolotolo, zala zili bii.

"Aa Zdravka, mwana wa anzanga, khala apa usende tsabolayu. Zachitikazi! Ine ndinanena kale kuti malumo amenewa adzapha munthu. Amuna akuluakulu kumaseweretsa mipeni ngati alibe minda ya mphesa. Malemu amuna anga ankangomwa basi, osavutitsa munthu."

"Mayi Nedyalka, munamva chiyani Lamulungu?"

"Zonse ndinamuuza kale mnyamata wa nthanga uja. Ndinali pompano, tsabola yemweyu. Wailesi itangoyamba nkhani za 2 koloko ndinamva mawu a amuna akukwezana, kenako phuu! ngati thumba la mbatata lagwa pa ngolo. Ndinatsitsa wailesi. Zii."

"2 koloko? Mukutsimikiza?"

"Iwe, nkhani za 2 koloko zimayamba 5 koloko kwanu? Ndinamuuza wapolisiyo, akuti mwina chinagwa chikuni. Chikuni! Ine sindidziwa chikuni?"

 Pa 2 koloko Minko anali ndi makadi m'manja pamaso pa anthu asanu ndi mmodzi.

"Ndiye bwanji simunapite kukaona?"

Apa Mayi Nedyalka anasiya kutembenuza tsabola. Nkhope inagwa.

"Ndinadzuka, Zdravka, Mulungu ndi mboni. Ndinafika mpaka pa mpanda apo. Ndiye ndinamva mwala uja wayamba, sweee, sweee, pang'onopang'ono, mwaulemu. Ndinati aa, ili bwino nkhalambayo, yayamba ntchito. Ndinabwerera ku tsabola wanga. Ndikanangodumpha mpandawo!"

"Munaona munthu akutuluka?"

"Chitseko chake chimatsegukira kukanjira kakuseri, ndingaone bwanji? Koma ndikuuze, ndinadabwa. Mwala umenewo unkandisowetsa tulo ta masana zaka zonsezi, kenako unangoleka. Patha zaka ziwiri ndisanaumve. Lamulungu ndi pomwe unaliranso."

Ndinasiya tsabola wosenda theka m'mbale, osatsanzika.

*

Gencho ndinamupeza akumeta munthu, thovu lili mpaka m'makutu. Ndi wamfupi, wadazi, ndipo amaseka ngakhale pamaliro, koma tsiku limenelo nthabwala zake zinkatuluka zopanda mchere.

"Mlamu! Mwabwera kudzameta? Khalani pamzere, ndevu zanu sizinakule kwenikweni."

"Gencho, n'chifukwa chiyani Bai Parvan anasiya kunola zaka ziwiri zapitazo?"

Lumo linaima m'malere. Wometedwayo anatsegula diso limodzi.

"Wakuuzani ndani zimenezo?"

"Ndiyankheni."

"Ndinalumbira, mlamu. Ndinagwira mtanda pamaso pawo."

"Amene munawalumbirirawo ali kumochale. Mchimwene wanga ali moyo mpaka 4 koloko. Musankhe."

Anapukuta lumo pa nsalu, kulipinda bwinobwino, n'kundikokera kuseri kwa katani.

"Manja," ananong'ona. "Anayamba kunjenjemera. Nyanga ankatha kuipala, nyanga sidandaula. Koma mwala umafuna dzanja lodekha, ukangogwedeza pang'ono wapha lumo. Ankachita manyazi, mphunzitsi wa tonsefe. Ndiye malumo awo ndinkawanolera ine mobisa, iwo n'kumabwera nawo Loweruka akudzitama. Ine n'kumawomba nawo m'manja."

"Ndiye amene ankanola Lamulungu si iwo."

"Sangakhale iwo."

"Munali inu?"

"Ine ndinali ku ubatizo wa mdzukulu wanga, ndikuvina mpaka nsapato inang'ambika. Funsani abusa ndi mudzi wonse."

"Bwanji simunawauze apolisi?"

"Sanandifunse za mwala. Anandifunsa zimene Minko ananena Loweruka, ndipo ndinawauza." Anagwetsa maso. "Zikundiwawa, mlamu. Komanso Minko sanganole ola lathunthu. Mchimwene wanu akanola lumo mumadulira buledi."

"Nanga ndani?"

"Odziwa mwala m'tauni muno tilipo owerengeka. Ndikaliona lumolo mwina lindiuza. Chitsulo sichinama."

Anavula epuloni n'kutenga kagalasi kake koonera zinthu zazing'ono. Wometedwa uja anadzuka, tsaya limodzi loyera, lina la thovu.

"Bai Gencho, nanga ine?"

"Khala pompo, thovu likufewetse. Akazi ako akupirira nkhope imeneyo zaka makumi awiri, apirira ola lina."

*

Tihomir anakana kawiri kutisonyeza lumolo. Kachitatu ndinagwada pansi mu ofesi yake, mayi wa zaka 63, mawondo akulira. Anachita manyazi, anandidzutsa, n'kukatenga lumo lija lili m'kathumba ka pulasitiki. Nditaliona ndinakumbukira dzanja la abambo ndi fungo la sopo wawo.

Gencho analitembenuza pa windo, kagalasi kali pa diso. 

"Lumo ili linagwa," anatero. "Linagwera pa simenti, linabenthuka apa chakunsonga."

"Ine sindikuona pobenthuka," anatero Tihomir.

"Simungapaone, pachotsedwa. Loweruka ndinaligwira ndi manja angawa, linali lalikulupo kuposa apa. Wina wadya chitsulo kuchokera kuno mpaka uko kuti kabenthuko kathe, ndipo wachita mwaluso, osapotoza ngakhale pang'ono. Imeneyi ndi ntchito ya ola lathunthu."

Tihomir anakankhira kapu ya makoko pambali.

"Tadikirani. Mukundiuza kuti analimbana 2 koloko, mkuluyo anagwa, lumo linagwa, ndiye munthuyo anakhala pampando n'kumanola mpaka 3 koloko? Mnzake ali gone pansi? Dokotala akuti malemu sanafe nthawi yomweyo. Akanathamangira nawo kuchipatala bwenzi ali moyo."

"Simutidziwa ife, bwana," anatero Gencho chapansipansi. "Lumo likagwa, ife timayamba tatola lumo."

Nkhaniyo inali yoopsa, komabe mumtima ndinkasangalala, pakuti Minko anali akutuluka m'dzenje.

"Ndi nkhani yokoma," anatero Tihomir, "koma ndi mawu a wometa ndi a mayi wa tsabola. Khoti likufuna dzina. Wanola ndani?"

"Dzanja labwino silisiya dzina pa chitsulo."

Tihomir anatsegula dirowa n'kutulutsa kathumba kena kakang'ono.

"Nanga izi? Zinali pa tebulo pambali pa mwala. Tinayesa mwina malemu anali ndi chibwenzi, koma aliyense tikamufunsa akuseka."

M'kathumbamo munali tizidutswa ta tsitsi, tinayi kapena tisanu, todulidwa mofanana. Tsitsi lofiira la mankhwala, kamodzi kali ndi imvi kumizu. Theka la amayi a m'tauni muno amapaka mtundu womwewo, choncho kwa Tihomir linali tsitsi chabe. Gencho analiyang'ana, kenako anayang'ana mpango wanga, kenako anayang'ana pansi.

Aliyense wa amuna amenewa ali ndi kayesedwe kake kakuti lumo lathwa. Gencho amameta ubweya wa pamkono, Bai Parvan ankayesera pa chikhadabo. Mmodzi yekha amayesera tsitsi la mzimayi. Amalitola pa chipeso changa n'kumalisunga m'bokosi la machesi m'thumba la jekete. Akamaliza kunola amagwira tsitsi limodzi lili lende, n'kuligunditsa pang'ono pa lumo, likaduka lokha ndiye kuti ntchito yatha. Ndakhala ndikusesa tizidutswa timeneto zaka makumi anayi ndi chimodzi.

"Mayi Zdravka, mwatani? Ndikupatseni madzi?"

 Wotchi imati 2 koloko yadutsa.

"Usapite kukhoti usanandione," ndinatero. "Ndikubwera."

Gencho sananditsatire, ndipo sanatsegule pakamwa. Ndinadziwa kuti sadzatsegulanso pokhapokha nditayamba ine.

*

A Lyuben ndinawapeza m'kashedi kawo kuseri kwa nyumba, atakhala pa mpando, manja ali pa mawondo. Malumo awo anali ndandanda pakhoma, miyala yonolera ili youma. Ndinazindikira pomwepo kuti chiyambire Lamulungu sanaikhudze.

"Lamulungu munati mukupita kumunda wa mphesa."

Anangoyang'ana miyala yawo ija.

"Ndaona tsitsi langa kupolisi, a Lyuben."

Anatseka maso. Ndinkafuna akane. Ndinkapemphera kuti adzuke, anditukwane, anene kuti bokosi la machesi analibwereketsa kwa wina. Ndikanawakhulupirira.

"Ndinapita kukalipempha," anatero. "Ndi la abambo ako, Zdravka. Ndinati ndikalankhule nawo ndekha, mwaulemu, ndikubweretsere nkhani ithe. Anandiseka. Akuti banja lonse la kwanu silidziwa kusunga chitsulo. Analitenga kuti alitsekere m'dirowa, ine ndinagwira dzanja lawo. Sindinawamenye. Tinangokokana, iwo n'kuterereka chagada."

"Kenako?"

"Lumo linagwa pa simenti. Ndinalimva kulira kwake."

"Mutu wa munthu pa mbaula simunaumve?"

"Ankapuma! Ankabuula, ndinkawamva. Ndinati angokomoka, adzuka pompano ayambe kutukwana. Nditalitola ndinaona kabenthu kaja, ndinati akadzuka n'kukaona afa ndi mtima, ndingokachotsa msanga asanaone. Mwala unali pomwepo pa shelefu. Ndinangoti pang'ono pokha."

"Ola lathunthu."

"Sindinadziwe. Iwe sudziwa mmene zimakhalira. Ukaika chitsulo pa mwala sumva china chilichonse. Nditatukula mutu, kabenthu katatha, tsitsi likuduka lokha, ndinatembenuka kuti ndiwasonyeze." Anayang'ana manja awo. "Ndinatembenuka kuti ndiwasonyeze, Zdravka."

Ndinakhala pa bokosi la misomali. Ndinkawada ndi mtima wanga wonse, ndipo ndinkawakonda monga ndawakondera kuyambira ndili mtsikana wa kufakitale ya nsalu. Zonse ziwiri zinali m'chifuwa chimodzi.

"Nanga Minko? Masiku atatu mukudya patebulo langa, mukundiona ndikulira."

"Ndimati amutulutsa. Tsiku lililonse ndimati lero amutulutsa, alibe umboni."

"4 koloko akumutumiza kundende."

Anandiyang'ana ngati mwana wotayika pamsika.

"Ukuti nditani?"

Sindibisa, ndinaganiza zokhala chete. Gencho sakananena. Tihomir akanafufuza tsitsi lofiira mpaka kupuma pa ntchito. Ndikanatsala ndi mwamuna wanga, wondiwotchera mbaula m'chisanu, wondipaka mafuta kumsana. Ndinaziganiza zimenezo kwa kanthawi ndithu, Mulungu andikhululukire. Kenako ndinaona Minko atagona pa simenti ya kundende, shuga atatsika, akuitana dzina langa. Chibale ndi fupa, sichiola.

Ndinalowa m'nyumba. Ndinatenga jekete lawo lochindikala, mankhwala awo a magazi, masokosi awiri aubweya ndi buledi. Manja anga ankalongedza okha, ine ndikungolira.

"Valani," ndinatero.

Anavala osatsutsa. Asanatuluke anaphimba miyala yawo ndi nsalu, umodzi umodzi, ine nditaima pakhomo ndikuluma mlomo.

Tinayenda wapansi, iwo patsogolo pang'ono monga mwa masiku onse. Anthu ankatipatsa moni poganiza kuti tikupita kukaona Minko. Titadutsa pa mlatho anafunsa osatembenuka.

"Lumo lija unaliona?"

"Ndaliona."

"Alisunga muti?"

"M'kathumba ka pulasitiki."

Tinafika kupolisi. Wotchi ya pa tchalitchi imati kwatsala mphindi makumi awiri kuti 4 koloko ikwane, ndipo galimoto yonyamula akaidi inali itaima kale pakhomo, injini ikulira. Pa sitepe yomaliza a Lyuben anaima n'kundigwira chala.

"Zdravka."

Ndinaima. Ndinati mwina apepesa. Mwina atchula Minko, mwina Bai Parvan, mwina andiuza mmene ndikhalire ndekha m'nyumba ija.

"Ukawauze alichotse m'pulasitiki muja," ananong'ona. "Lichita dzimbiri."

Ndinawayang'ana mwamuna wanga, misozi ikutsikira m'kamwa, ndipo ndinaona kuti akunena ndi mtima wonse. Ndinachotsa chala changa m'dzanja lawo, ndinavula mpango kuti tsitsi lionekere, n'kukankha chitseko.

"Tihomir," ndinaitana, "zimitsa galimotoyo. Ndabwera nalo dzina."